Injini ija inalibe vuto

Kwa zaka 9, aliyense wa kwathu ku Lunzu amene anandifunsa za ngozi ija ndinkamuyankha chimodzimodzi: injini inazima tili m'mwamba. Amayi ndinawauza choncho pa foni ndili chigonere m'chipatala, mutu atauzenga bandeji. Amalume, amene anagulitsa ng'ombe zawo ndi puloti ya ku Machinjiri kuti ine ndikaphunzire kuyendetsa ndege ku Joni, ndinawauzanso zomwezo. Nditabwera kutchuthi anandiimika kutsogolo m'tchalitchi, amayi a Mvano n'kupemphera mothokoza Mulungu amene analanditsa mwana wawo ku makina osakhulupirika. Ine ndinayankha nawo ameni, mokweza ndithu. Koma injini ija inalibe vuto lililonse. Inali kugwira ntchito yake bwinobwino mpaka pamene dzanja langa lamanjali linaipha.

Ndinakulira pansi pa njira ya ndege zotera pa Chileka. Anzanga akamva kulira kwa ndege ankathamangira pabwalo n'kumaibayibitsa, ine ndinkaima chilili kuwerenga mainjini. Ya injini imodzi ndinkaiyesa chidole. Ndege yeniyeni kwa ine inali ya mainjini awiri, poti ina ikafa inzake ikufikitsa kwanu. Maganizo amenewa ndinapita nawo ku South Africa, ndinauluka nawo maola oposa 150 pa ka Cessna 172, ndipo ndinalowa nawo mu Piper Seminole tsiku loyamba. Ndi ndege ya mipando inayi, phiko lililonse lili ndi injini yake ya Lycoming ya mahosipawa 180. Pakati pa wophunzira ndi mphunzitsi pali zogwirira zisanu ndi chimodzi zondandalikana: ziwiri zakuda za throttle, ziwiri zabuluu za mapropela, ziwiri zofiira za mafuta. Nditaziona koyamba ndinamva ngati andiveka suti. Ndinajambula chithunzi dzanja lili pamenepo n'kutumiza kumudzi.

Kuti mumvetse chimene ndinachita, ganizirani ngolo ya amalume, ng'ombe ziwiri pagoli. Ina ikagwa mwadzidzidzi panjira, sikuti inzakeyo imangopitiriza ulendo ndi theka la mphamvu ayi. Ngolo imakhotera mbali ya yakugwayo, ndipo yamoyo ija tsopano ikukoka ngolo, katundu, ndi mtembo wa mnzake womwe. Ndege ya mainjini awiri ndi momwemonso. Ya kumanzere ikafa, ya kumanja imakankhira phiko lake kutsogolo, mphuno n'kukhotera kumanzere, phiko la kumanzere n'kuyamba kugwa. Propela ya injini yakufayo siima, mphepo imaizungulitsa, ndipo ikamazungulira choncho imatchinga mpweya ngati chitseko. M'kalasi amati ukataya injini imodzi wataya theka la mphamvu, koma pa kukwera m'mwamba wataya 80 peresenti kapena kuposa, chifukwa ndege imakwera ndi kamphamvu kotsala ikatha kudzinyamula yokha. Kumasula mtembo pagoli ndiko timati feather. Umakoka chogwirira chabuluu mpaka kumapeto, masamba a propela n'kutembenuka chammbali ngati mpeni, kusiya kulimbana ndi mphepo. Nkhani yagona pa kumasula ng'ombe yakufa osati yamoyo.

Pa geji ya liwiro pali timizere tiwiri timene ndege ya injini imodzi ilibe. Kabuluu, pa Seminole, kali pa ma knot 88: liwiro limene ndege ingakwere nalo bwino koposa ndi injini imodzi, ngati ingakwere n'komwe. Kofiira kali pa 56. Ukatsika kupyola pamenepo injini ina ili pa moto wonse, rudder ya kumchira sikhalanso ndi mphamvu yoletsa mphuno kukhota, ngakhale uponde mpaka mwendo kunjenjemera. Ndege imagudubuzikira mbali ya injini yakufa, nthawi zina mpaka chagada. Choopsa china n'chakuti liwiro limene mapiko a Seminole amasiya kunyamula lili pafupifupi pomwepo, kotero zinthu ziwirizi zimatha kukugwera pamodzi, ndipo ndege yotere ikayamba kupota ikugwa, palibe amene angakulonjeze kuti ibwerera.

Ndiye pali ndondomeko imene wophunzira aliyense amailoweza. Mphuno ikakhota, ponda rudder kuti iwongoke, gwira mzere wabuluu, kankha zogwirira zonse kutsogolo, matayala ndi ma flap alowe. Kenako yang'ana mapazi ako. Phazi limene likugwira ntchito lili mbali ya injini yamoyo, limene langokhala phee lili mbali ya yakufa. Phazi lakufa, injini yakufa, timatero. Ukatero usakhulupirirebe: bweza throttle ya injini imene ukuiganizirayo. Ngati palibe chasintha, ndi yomweyo. Ngati ndege yangoti zii, walakwitsa, bwezera msanga. Ukatsimikiza m'pamene dzanja limapita pa chabuluu. Pophunzira, pafupi ndi nthaka, chabuluucho sukoka. Umangochikhudza ndi chala n'kunena, mphunzitsi n'kuwonjezera kamoto pang'ono ku injini imene anachepetsa ija kuti ndege imveke ngati propela yamasulidwa kale.

Ine ndondomekoyi ndinaidziwa ngati Atate Wathu, ndipo ndinkainena mofulumira ngati mmene timanenera Atate Wathu yemweyo nsima ili kale patebulo. Ndinkanyadira liwiro. Mphunzitsi wanga, mnyamata wachibunu wocheperako kwa ine ndi chaka chimodzi, amene nayenso ankangosonkhanitsa maola kuti adzalembedwe ntchito ku ndege zazikulu, anandichenjeza kawiri konse kuti manja anga akuthamanga kuposa mutu wanga. Ndinaseka, n'kuyesa chiyamikiro.

Dera la Johannesburg lili ndi msampha wake umene suoneka ndi maso. Bwalo limene tinkaphunzirirapo lili pamtunda wa mafiti oposa 5,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kuposa ngakhale bwalo la Kamuzu ku Lilongwe limene lili pa mafiti 4,000 ndi pang'ono. Kukatentha madigiri 30 pamalo otere, mpweya umapyapyala moti injini ndi mapiko zimamva ngati zili pa mafiti 8,000. Tsono buku la Seminole limanena poyera kuti itadzaza, ndi injini imodzi, kukwera kwake kwatanthauzo kumathera cha pa mafiti 3,800. Chitani masamu nokha. Tisananyamuke n'komwe tinali kale pamwamba pa malire amenewo. Poti tinkakhala awiri okha ndi mafuta ochepa, ndege inkayeserako kugwira pomwe ili, koma masana otentha injini imodzi ntchito yake inali kungochedwetsa kutsika. Oyendetsa ndege akale ali ndi nthabwala yoti injini yachiwiri ndi yokufikitsa pamalo pa ngozi. Ku Highveld nthabwala imeneyi siseketsa kwenikweni.

Chimene anthu akunja sadziwa n'chakuti pa maphunziro amenewa tsoka timachita kulipanga tokha. Mainjini a masiku ano sazima kawirikawiri. Woyendetsa akhoza kugwira ntchito zaka zambiri osaona injini itafa yokha, koma pa masabata ochepa a maphunziro amaphedwera injini kambirimbiri, dala, nthawi zina ali pafupi ndi mitengo. M'zaka za m'ma 1960 ku America, ndege yotchedwa Piper Twin Comanche inapha aphunzitsi ndi ophunzira angapo chifukwa ankaonetsana mzere wofiira uja ali pafupi ndi nthaka, mpaka liwiro la mzerewo linachita kukwezedwa m'mabuku a ndegeyo. Pa 22 Malichi 2010 ku Darwin m'dziko la Australia, oyendetsa awiri odziwa ntchito anafera mu Embraer Brasilia atangonyamuka. Amene ankayesa mnzake anabweza mphamvu ya injini ya kumanzere mpaka pansi penipeni, propela n'kusanduka chitseko chija, ndege n'kugudubuzika. Nkhani imeneyi anatiphunzitsa m'kalasi ndipo ndinailemba bwino m'kope. Pa 30 Meyi 2017 zinachitikanso ku Renmark m'dziko lomwelo, mu Cessna 441, n'kupha anthu atatu kuphatikizapo woyendera wa boma amene anakwera kudzaona ngati akuphunzitsana moyenera. Onsewa anali akadaulo. Ine ndinali ndi maola asanu ndi limodzi pa ndege ya mainjini awiri.

Sabata ya ngozi ija ndalama za amalume zinali zitatha. Ola limodzi la Seminole linkadya ndalama imene mphunzitsi wa pulayimale kwathu sakanaiona pa mwezi, ndipo kamita ka m'ndegemo kamawerenga ngakhale uli pamzere kudikira kunyamuka. Ndinkagona pansi m'chipinda cha msuweni wanga, usiku n'kumatsuka mbale mu lesitilanti ina mpaka cha m'ma 1 koloko, m'mawa 5 koloko ndili kale pa siteji kudikira minibasi. Ndinali nditawerengetsa kuti ndikalephera phunziro limodzi lokha n'kubwereza, laisensi sindiiona. Choncho ndinasiya kuphunzira ndege n'kuyamba kuphunzira mphunzitsi. Ndinaona kuti masiku atatu otsatizana anandichepetsera injini ya kumanja, mbali imene iye amakhala. Mumtima ndinati ndamugwira, dzanja lake lazolowera kumeneko.

Tsikulo tinayenera kuuluka m'mawa koma ndege inali ndi ena, tinapatsidwa 2 koloko masana. Unali mwezi wa Novembala, mitambo ya mvula ikuunjikana chakumwera, phula la pabwalo likuchita kunyezimira. Mphunzitsi anandiyang'ana m'maso n'kufunsa ngati ndinagona. Ndinati ndinagona ngati mwana. M'mimba munali tiyi ndi kabanzi kamodzi. Anafunsanso ngati ndikufuna tingokwera pamwamba tikachitire kumeneko, poti kwatentha. Ndinakana. Kukwera pamwamba ndi mphindi 15 zowonjezera pa kamita kaja.

Tinathamanga pamsewu wonyamukira nthawi yaitali kuposa masiku onse. Pa ma knot 75 ndinakweza mphuno, matayala n'kulowa, liwiro n'kukhazikika pa mzere wabuluu. Ndege inkakwera mwaulesi. Titafika cha pa mafiti 500 kuchokera pansi, mphuno inakhotera kumanzere mwamphamvu. Thupi langa linachita zoyenera lokha: phazi lamanja linaponda rudder, mphuno n'kuwongoka. Lamanzere linangokhala pansi lopanda ntchito, likundiuza zoona zonse. Sindinalifunse. Pakamwa panga panatuluka yankho limene ndinabwera nalo kuchokera kunyumba, ndinati injini ya kumanja yafa. Throttle sindinaiyese. Dzanja linadumpha zakuda zija n'kugwira chabuluu cha kumanja, ndipo m'malo mochikhudza ndinachikoka chonse, kudutsa kamphako kamene anaikapo dala kuti munthu asadutse mwangozi.

Pa mphindi imeneyo mphunzitsi anali atachotsa dzanja pa zogwirira. A pa nsanja anali atatiitana pa wailesi za ndege ina imene inali kuzungulira bwalo, ndipo iye anali kuifunafuna pawindo.

Phokoso lake sindidzaliiwala. Amene munakhalapo pachigayo magetsi n'kuthima mphale ili mkati mukudziwa kubuula kuja, makina akulemedwa, kulira kukutsika mpaka m'mimba. Injini yamoyo ija inabuula choncho. Phazi langa lamanja linali chipondere, ndiye mphuno inapita kumanja. Iye anakuwa kuti ndisiye zonse ndege ndi yake, n'kumenya dzanja langa kulichotsa. Anakankha chabuluu chija kutsogolo, anakankhanso throttle ya kumanzere. Koma propela imene yayamba kutembenuka sibwerera nthawi yomweyo, ndipo injini imene yakankhidwa mwadzidzidzi pa mpweya wopyapyala imayamba yatsokomola. Itagwira moto ya kumanzereyo, inatikankhira kumanja kumene tinali tikupita kale. Ndinaona singano ikudutsa 70 ikutsika. Kabelu kochenjeza kuti mapiko akusiya kunyamula kanayamba kulira modukizadukiza, phiko la kumanja likulowa pansi, pawindo lake ndikuona udzu m'malo mwa thambo.

Apa mnyamata uja anachita chimene ine sindikanachita ngakhale mutandipatsa chaka choganiza. Anabweza ma throttle onse awiri, n'kukankhira mphuno pansi. Anataya dala mphamvu yokhayo imene tinali nayo. Ine m'mutu ndinkati watipha. Koma ng'ombe zonse zikasiya kukoka ngolo siikhotanso: mapiko anawongoka, kabelu kanatonthola, ndipo tinasanduka chinthu chotsika mowongoka m'malo mwa chinthu chogwa chikupota. Kutsogolo kunali thengo la udzu wobiriwira ndi mvula yoyamba. Matayala anawasiya mkati. Anangonena mawu amodzi, kuti ndimange lamba. Mimba ya ndege inakhudza pansi, tinakhwekhwereka, mapropela akupindika ngati masupuni, mpaka mbali ya kumanja inagunda chulu.

Kuchokera pamene ndinakoka chogwirira kufika pachulupo sipanathe mphindi imodzi. Kenako kunali zii, kupatula tizitsulo totentha tikuthetheka ndi mafuta a ndege abuluu akudontha pa udzu. Magazi ankandilowa m'diso. Iye mwendo wamanja unali utapanikizika ndi kuthyoka pawiri, msana utavulala. Anandiuza modekha kuti ndizimitse mafuta ndi magetsi, ndipo ndinazimitsa, pang'onopang'ono, ndikuyang'ana chilichonse ndisanachigwire. Ndinamukoka m'khwapa kumutulutsa. Tili gone pa udzupo kudikira ambulansi sanandifunse kanthu, inenso sindinanene kanthu.

Ofufuza za ngozi atabwera kuchipatala ndinati mutu unagunda, sindikukumbukira bwino. Linali bodza, ndinkakumbukira mpaka fungo. Iwo sanafunikire kukumbukira kwanga, poti masamba a propela ndi mainjini anawauza okha. Mphunzitsi ndiye ananena zonse, n'kuyamba ndi mbali yake: kuti anachepetsa injini pamalo otsika tsiku lotentha, ndi kuti dzanja lake silinali kulondera zogwirira. Za ine anangoti wophunzira anasokoneza mainjini, monga ophunzira amachitira. Za tulo, za njala, za kukana kukwera pamwamba, za kuwerenga dzanja lake m'malo mwa phazi langa, palibe anadziwa koma ine. Ndinamusiya asenze yekha. Mwendo uja sunabwerere mwakale ndipo ntchito youluka inathera pomwepo. Sindinapite kukamuona atatuluka m'chipatala. Ndinkati ndipita sabata yamawa.

Bodza la kumudzi linali losavuta, chifukwa aliyense amadziwa kuti makina amawonongeka. Minibasi zimafera pa Zalewa tsiku ndi tsiku, nanga ndege ndiye iletsedwe ndi chiyani? Likanakhala loona bodzalo, ndikanakhala munthu wopulumuka. Choonadi chinkandisandutsa mwana amene anadya ng'ombe za amalume ake n'kukagwetsa ndege ya eni ndi dzanja lake. Ndinkamvanso kale mawu a anthu ena a pamsika, oti zinthu zimenezi si za ife, akanangophunzira uphunzitsi. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ine phazi ndinalinyalanyaza m'ndege, mlomo ndinausiya pa foni, ndipo unanditsatadi.

Unandipeza pa 4 Febuluwale 2015. Ndinali pa malo odikirira pabwalo lina, pa TV akuonetsa mobwerezabwereza ndege ya TransAsia ikudutsa chopendekeka pamwamba pa mlatho ku Taipei, phiko likukhudza takisi, n'kugwera mumtsinje wa Keelung. Mwa anthu 58 anafa 43. Pambuyo pake zinadziwika kuti injini ya kumanja ndiyo inali ndi vuto, koma oyendetsa anabweza ndi kuzimitsa ya kumanzere, ndipo makina ojambula mawu anasonyeza kuti kaputeni anazindikira kulakwitsako patatsala timphindi. Anzanga ankapukusa mitu kuti munthu wa maola masauzande angachite bwanji zauchitsiru zotere. Ena anakumbutsa za Kegworth ku England mu 1989, pamene Boeing 737 inagwa m'mphepete mwa msewu wa M1 n'kupha anthu 47 oyendetsa atazimitsa injini yabwino. Ine ndinapukusa nawo mutu, kenako ndinapita kuchimbudzi kukasanza. Ndinkadziwa bwino lomwe mmene munthu amachitira zimenezo. Dzanja limakhala ndi chikhulupiriro chonse, silikayika ngakhale pang'ono.

Kuuluka ndinabwererako patatha chaka ndi theka, ndi ngongole ndi thandizo la msuweni uja. Wondiphunzitsa ulendo uno anali mayi wachikulire wa imvi, amene anauluka zaka zambiri m'tchire la Botswana. Anali atawerenga lipoti. Tsiku loyamba tinakwera mafiti oposa 3,000 kuchokera pansi, bwalo lili pafupi, ndipo anandiuza kuti ndiike dzanja lamanja pantchafu. Anachepetsa injini. Ndinaponda rudder, ndinagwira mzere wabuluu, dzanja n'kunyamuka lokha, iye n'kulibwezera pantchafu. Anati ndipume kamodzi kaye, mpweya ulowe ndi kutuluka. Kenako ndimenye bondo la phazi lakufa ndi chikhatho, ndinene mokweza kuti ndi liti, ndiyang'ane mageji, ndibweze throttle theka lokha n'kumvetsera. Zonsezi zinatenga timphindi tosakwana khumi, ndipo ndege sinagwe. Anandifotokozera kuti zofunika changu ndi ziwiri, mapazi ndi mphuno, ndipo zimenezo ndinali nazo kale. Dzanja lokha ndilo linkafunika kulichedwetsa.

Tsiku lomwelo anandilola kuzimitsa injini zenizeni. Kuona propela itaima njii kunja kwa windo, masamba ataloza kutsogolo, uli m'mwamba, ndi chinthu chimene thupi limakana. Tinapendeketsa ndege pang'ono, madigiri awiri kapena atatu, kutsamira mbali ya injini yamoyo, ndipo inauluka mwakachetechete ngati palibe chachitika. Ndinalira misozi mu headset, iye n'kumayang'ana kunja ngati sakuona.

Lero nanenso ndimaphunzitsa, ndipo pa nkhani iyi ndine wouma mutu. Injini sindiichepetsa pansi pa mafiti 500, ndipo masana otentha sindiichepetsa ponyamuka n'komwe, zimenezo tikachitire mu simulator kumene chulu chake ndi cha pa kompyuta. Pafupi ndi nthaka sindikhudza zofiira, ndimagwiritsa throttle yokha kuti ndithe kubwezera. Chikhatho changa chimakhala chotchinga kumbuyo kwa zabuluu, a pa nsanja aitane asaitane. Aphunzitsi ena amati ndikulera ophunzira, injini yeniyeni siyang'ana kutentha. Akunena zoona, ndipo sindinawapezere yankho lokwanira. Ndimangodziwa kuti mwa anthu amene ndikuwadziwa ine, ovulala pa injini yozimitsidwa dala ndi ambiri kuposa ovulala pa yozima yokha. Wophunzira akandiuza kuti anagona bwino, ndimamufunsa kuti anagona nthawi yanji, anadya chiyani, ndipo ndalama zatsala za maola angati. Funso lachitatuli ndi limene amagwetsa nalo nkhope.

Amalume ndinawauza chaka chimene shuga anawagoneka. Anali pakhonde pa mpando wa ndalema, miyendo itatupa, khola kuseri kwa nyumba muli mbuzi zitatu basi. Ndinakhala pansi pa simenti n'kunena zonse, kuyambira mbale za mu lesitilanti mpaka chogwirira chabuluu, ndipo ndinagwiritsa fanizo la ngolo yawo yomwe. Anamvetsera maso ali kumsewu. Ndinkadikira za ng'ombe.

"Ndiye unamasula yamoyo," anatero.

"Eya, amalume."

"Mayi ako ukawauze wekha, ine sindikunyamulira." Anakhala chete kanthawi. "Nanga mnzako uja, mwana wa eni ake, akuyenda?"

Ndinati ndinamva kuti amayenda ndi ndodo.

"Unamva? Mphwanga, munthu anakutsitsa kumwamba wamoyo, iwe n'kumachita kumva kwa anthu?"

Nambala ndinaipeza kwa mnzathu wina wa nthawi imeneyo. Ndinaimba madzulo omwewo nditaima kuseri kwa khola, kumene netiweki imagwirako. Anandizindikira ndisanamalize kutchula dzina. Panopa amagulitsa zipangizo za ulimi wothirira m'tauni ina yaing'ono ku Free State, ali ndi ana awiri. Ndinamuuza kuti sindinagone usiku uja, kuti ndinanama, kuti ndinawerenga dzanja lake, kuti kwa ofufuza ndinkakumbukira zonse. Anati za tulo anadziwa, maso anga anali ofiira ngati a munthu wosuta, ndipo anayenera kukana kuuluka koma nayenso ankalifuna ola limenelo m'buku lake. Za kuwerenga dzanja ndiye sanadziwe. Anaseka pang'ono, osati mokondwa, n'kunena kuti tsiku lija anasankha ya kumanzere chifukwa anazindikira kuti wakhala akubwereza ya kumanja.

Tinakhala chete, mayunitsi akutha. Kenako anafunsa ngati ndikuulukabe, ndipo nditavomera anafunsa kuti pa ndege yanji. Ndinamuuza. Anafunsanso ngati kwathu mvula yayamba, poti kwawo chimanga chinali chikufota.